Pa ulendo wa kunja kwa dziko, werengani musanapereke ndalama

Disembala akayandikira, machapa ndi mabasi amadzaza. Kodi nanunso muli ndi ulendo chaka chino? Mwina mukupita ku Lilongwe kukaona ana, kudzera pa Calómuè. Mwina mukupita ku Blantyre kudzera pa Zóbuè. A ku Milange amatulukira pa Muloza, a ku Mandimba pa Chiponde, a ku Chifunde pa Cassacatiza kulowa m'Zambia. Aliponso okwera basi ya ulendo wautali kupita ku Johannesburg, kukadya Khirisimasi ndi mwana amene amagwira ntchito kumeneko.

Ndalama za ulendo wotere sizitoledwa pamsewu. Mwagulitsa kachewere, nyemba kapena mbuzi. Mwina mwadikira miyezi ingapo kuti nthawi yanu ifike ku xitique. Koma mukangodutsa malire, metikali yanu iyenera kusanduka kwacha, randi kapena dola. Pa kusinthako ndi pamene anthu ambiri amataya gawo la thukuta lawo, popanda wowaopseza kapena kuwalanda. Amataya chifukwa apereka asanawerenge.

Nkhope ndi imodzi, nambala ndi zosiyana

Mayi ena a m'kalasi ya akuluakulu ku Angónia anatifotokozera zimene zinawachitikira. Anali ndi 2000 MT. Pa malire, mnyamata wina anawauza kuti metikali imodzi awapatsa 30 kwacha. Mayiwo anawerengera bwino: ayenera kulandira 60 000 kwacha, ndiwo mapepala 30 a K2000. Mnyamatayo anawerenga mapepalawo mothamanga, ndipo anakwanadi 30. Galimoto inali kuliza hutala, mayiwo anamanga ndalama pansalu n'kukwera.

Atafika kwa mwana wawo anamasula mpukutu uja. Pakati panali mapepala asanu ndi limodzi a K500. Pa pepala lililonse anataya K1500. Zonse pamodzi ndi K9000, kapena kuti 300 MT.

Chinawapusitsa n'chiyani? Pa pepala la K2000 pali nkhope ya John Chilembwe. Pa la K500 palinso nkhope ya John Chilembwe yemweyo. Chimodzimodzi, Kamuzu Banda ali pa K1000 komanso pa K5000. Izi si zachilendo, pakuti kwathu kuno Samora Machel ali pa mapepala onse, kuyambira 20 MT mpaka 1000 MT. Zathuzi tinazizolowera, timazidziwa ndi mtundu wake ngakhale kutali. Za eni ake sitinazizolowere. Choncho musayang'ane nkhope. Werengani nambala imene ili pangodya, pepala ndi pepala.

Ku South Africa nkhope ya Nelson Mandela ili pa mapepala onse a randi. Koma kuseri kwake kuli nyama zimene zingakuthandizeni: chipembere pa R10, njovu pa R20, mkango pa R50, njati pa R100 ndi kambuku pa R200.

Makwacha alipo awiri

Pa bolodi la ku banki ndalama iliyonse imalembedwa ndi malembo atatu. Alembeni m'kope mwanu. MZN ndi metikali yathu. MWK ndi kwacha ya Malawi. ZMW ndi kwacha ya Zambia. ZAR ndi randi ya South Africa. USD ndi dola ya America.

Kwacha ya Malawi ndi ya Zambia ndi amnzake pa dzina lokha. Mphamvu zawo n'zosiyana kwambiri. Metikali imodzi imagula makwacha ambiri a Malawi. Koma kwacha imodzi ya Zambia imaposa metikali imodzi. Ndiye munthu akakuuzani kuti chinthu ndi "100 kwacha", dziwani kaye kuti muli dziko liti. Ku Lilongwe ndi ndalama yochepa. Ku Chipata ndi ndalama yoti muganize kawiri.

Apa pali lamulo losavuta la masamu. Mukamasintha metikali kupita ku ndalama yopepuka, monga kwacha ya Malawi, mumachulukitsa, ndipo mapepala amakhala ambiri. Mukamasintha kupita ku ndalama yolemera, monga randi, dola kapena kwacha ya Zambia, mumagawa, ndipo mapepala amakhala ochepa. Mpukutu waukulu usakusangalatseni, ndipo waung'ono usakudandaulitseni. Chofunika ndi chimene ndalamazo zingagule.

Compra ndi Venda

Mukalowa mu banki kapena mu casa de câmbio, mudzaona mitengo iwiri pa ndalama iliyonse. Wina uli pansi pa mawu akuti Compra, wina pansi pa Venda. Ambiri amasokonezeka apa, chifukwa amaganiza kuti wogulayo ndi iwo. Ayi. Bolodilo likulankhula m'malo mwa banki. Compra ndi mtengo umene banki imagulira ndalama zakunja kwa inu. Venda ndi mtengo umene banki imakugulitsirani.

Tiyerekeze kuti bolodi lalembedwa motere: ZAR, Compra 3,40, Venda 3,70. Nambalazi n'zachitsanzo chabe. Inu mukufuna R1000. Banki ndiyo ikugulitsa, choncho yang'anani Venda. 1000 kuchulukitsa ndi 3,70 ndi 3700 MT. Tsopano tinene kuti ulendo walephereka, ndipo mwabweza R1000 yomwe ija. Pano banki ikugula, yang'anani Compra. Mulandira 3400 MT. Mwataya 300 MT musanagule ngakhale botolo la madzi.

Kusiyana kumeneku ndiye phindu la wosintha, monga mmene wogula chimanga m'mudzi amakachigulitsira mokwera kutauni. Si kuba. Koma kukuphunzitsani zinthu ziwiri. Choyamba, musasinthe ndalama zambiri kuposa zimene mudzagwiritse ntchito. Chachiwiri, musasinthe ndalama kangapo popanda chifukwa, pakuti nthawi iliyonse pamatsala kanthu.

Ku Malawi, Zambia ndi South Africa mawuwa ali m'Chingerezi. Buying kapena We buy ndi Compra. Selling kapena We sell ndi Venda. Mukafika ku Blantyre ndi randi m'manja ndipo mukufuna kwacha, mtengo wanu uli pansi pa Buying.

Malo ena amadulanso comissão pamwamba pa mtengowo. Choncho funso labwino ndi ili: "Ndikakupatsani ndalama izi, m'manja mwanga mulowa zingati?" Akuyankheni ndi nambala imodzi. Ilembeni, kenaka fanizirani ndi malo ena ngati alipo pafupi.

Kadontho ndi kamchira

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Kuno kwathu timalemba 1.500,00 MT. Kadontho, ponto, kamalekanitsa masauzande. Kamchira, vírgula, kamabwera tisanalembe masentavo. Ku Malawi ndi ku Zambia amachita mosemphanitsa: amalemba K1,500.00. Mukaona K1,500 m'sitolo ku Dedza, si kwacha imodzi ndi theka. Ndi makwacha 1500. Kuti musalakwe, werengani manambala amene atsatira chizindikirocho. Akakhala atatu, ndi masauzande. Akakhala awiri okha kumapeto, ndi timasenti.

Mtengo wa dzana si wa lero

Mtengo wosinthira ndalama, câmbio, sukhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene anabwera ndi mtengo umene mlamu wake anamuuza mwezi wapitawo anapeza zinthu zasintha. Funsani mtengo wa tsiku lomwelo. Banco de Moçambique imalengeza mtengo wa ndalama zakunja tsiku lililonse la ntchito, ndipo mabanki amaika yawo poonekera.

Mapepala a ndalama nawonso amasintha. Akuluakulu mukukumbukira 2006, pamene metikali inachotsedwa maziro atatu, 1000 wakale n'kukhala metikali imodzi. Zambia inachita zomwezo mu 2013, ndipo mu 2025 inatulutsa mapepala atsopano. Zimbabwe inayamba ndalama yatsopano yotchedwa ZiG mu Epulo 2024. Ngati muli ndi ndalama zakunja zimene munasunga m'chitini pa ulendo wa kale, zionetseni ku banki musanazidalire. Ndipo musalole munthu kukupatsani mapepala amene eni dziko anasiya kugwiritsa ntchito.

Kodi tisinthire kuti?

Tinene zoona. Pa malire athu onse pali anyamata onyamula mipukutu ya ndalama, ndipo m'misika ya m'malire kwacha ndi metikali zimayendera limodzi. Nthawi zambiri mtengo umene amatchula umaposa wa ku banki, makamaka mbali ya Malawi kumene ndalama zakunja zikusowa. N'chifukwa chake anthu amakopeka.

Koma dziwani chimene mukulowamo. Lamulo, kuno ndi ku Malawi komwe, limalola mabanki ndi nyumba zosinthira ndalama zokhala ndi chilolezo. Wa pamsewu sapereka lisiti. Akakupatsani pepala lachinyengo kapena mpukutu woperewera, mulibe kokadandaula, ndipo apolisi akakupezani, nonse awiri muli pa mlandu. Komanso anthu onse a pamenepo aona pamene mwabisa ndalama zanu. Phindu la 100 MT likhoza kukutayitsani 2000 MT.

Konzekani mukadali kwanu. Pitani ku banki masiku angapo ulendo usanafike, chifukwa si nthambi iliyonse imene imakhala ndi ndalama zakunja tsiku lililonse. Tengani BI ndi pasipoti, ndipo ngati tikiti ya ulendo mwagula kale, itengeninso. Randi ndi dola ndizo zimapezeka kawirikawiri m'mabanki athu, ndipo ndizonso zimalandiridwa mosavuta m'mabanki a mayiko oyandikana nafe. Metikali imavuta kusintha mukapita kutali ndi malire. Musayembekeze kuti ku Johannesburg kapena ku Lusaka sitolo idzakulandirani metikali.

Yang'anitsitsani mapepala amene akukupatsani. Dola yong'ambika, yolembedwalembedwa kapena yakale kwambiri, malo ambiri amaikana. Pemphani kuti ena akhale ang'onoang'ono. Inu opita ku South Africa kuchokera ku Tete, basi imadutsa pa Cuchamano, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudzera ku Harare mpaka pa Beitbridge. M'njira monsemo dola imagwira ntchito, koma chenji chimavuta. Mapepala a dola imodzi ndi a madola asanu adzakuthandizani pogula chakudya ndi madzi.

Lisiti limene banki yakupatsani lisungeni pamodzi ndi pasipoti. Ndilo umboni wanu a alfândega akafunsa kumene mwatenga ndalamazo. Dziko lililonse lili ndi mlingo wa ndalama zimene munthu angadutse nazo osalembetsa.  Ngati mwanyamula zambiri, nenani nokha pa malire asanakufunseni. Ndalama zobisidwa zikapezeka zimalandidwa.

Khadi lanu lisananyamuke

Ena a inu muli ndi khadi la ku banki, cartão, limene mumatapira ndalama pa ATM. Lingathe kugwira ntchito kunja, koma si lililonse. Liyang'aneni. Ngati pali chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, likhoza kugwira pa makina amene ali ndi chizindikiro chomwecho. Yang'ananinso mwezi ndi chaka chimene lidzathere. Mukaona 11/26, ndiye kuti litha kumapeto kwa Novembala 2026.

Safunsa anadya phula. Pitani ku banki yanu mukafunse mafunso anayi. Kodi khadi langa ndi lotsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja? Kodi ndingatape zingati pa tsiku, nanga pa mwezi? Kodi mumadula zingati ndikatapa kamodzi kunja? Kodi likatayika ndiimbe nambala iti ndili kunja? Mitengo ya banki imalembedwa pa chikalata chotchedwa preçário, ndipo muli ndi ufulu wochiona. Auzeninso dziko limene mukupita ndi masiku ake, kuti asadabwe n'kutseka khadi poganiza kuti labedwa.

Makina a kunja amatulutsa ndalama za dziko lomwelo. Ku Lilongwe atulutsa kwacha, ku Johannesburg randi. Banki yanu imasintha yokha pa mtengo wa mabanki n'kuchotsa metikali mu akaunti yanu. Pamwamba pake pali malipiro a banki yanu, ndipo nthawi zina a mwini makinawo. Tiyerekeze kuti kutapa kamodzi kumadya 250 MT. Mukatapa kasanu, mwalipira 1250 MT. Mukatapa kawiri kokha ndalama zomwezo, mwalipira 500 MT. Choncho werengerani zimene mufuna pa masiku angapo, mutape kamodzi. Kuona saldo pa makina akunja nakonso nthawi zambiri amalipiritsa.

Mukaima pa makina

Sankhani makina amene ali mkati mwa banki kapena pakhomo pake, masana, banki ili yotsegula. Khadi likamezedwa, mulowa pompo kukadandaula.

Phunzirani mawu ochepa awa musanapite. Withdrawal ndi levantamento, kutapa. Balance ndi saldo, zimene zatsala. Amount ndi kuchuluka kwa ndalama. Enter ndi kuvomereza, ndipo batani lake kawirikawiri ndi lobiriwira. Cancel ndi kuleka, batani lofiira. Mukasokonezeka, dinani lofiira, tengani khadi lanu, mupume kaye. Kuthamanga si kufika.

Makina ena amafunsa ngati mukufuna kuti akusinthireni okha ndalama, n'kukuonetsani mtengo wawo. Kumeneko mudzaona mawu akuti conversion. Kanani, sankhani kulipira mu ndalama za dziko limene muli. Mtengo wa makinawo nthawi zambiri umakhala woipa kuposa umene banki yanu ingakupatseni. Chitani chimodzimodzi polipira ndi khadi m'sitolo.

PIN yanu ndi kiyi wa nyumba yanu. Musailembe pa khadi, kapena pa kapepala kokhala m'chikwama chimodzi ndi khadi. Polemba, phimbani ndi dzanja linalo. Mukalakwitsa katatu, khadi limatsekedwa. Ndiye mukalakwitsa kawiri, lekani kaye.

Chenjerani ndi mthandizi amene simunamuitane. M'mizinda ikuluikulu muli akuba ovala bwino ndi olankhula mwaulemu. Wina amakuuzani kuti makina avuta, n'kugwira khadi lanu ngati akulipukuta, ndipo amakubwezerani lina lofanana nalo. Mnzake ali kumbuyo waona kale PIN. Musalole munthu aliyense kugwira khadi lanu. Ngati kuwerenga Chingerezi kukuvutani, pitani ndi mwana wanu kapena mbale amene mumamukhulupirira. Iye akuwerengereni mawu, koma PIN mulembe nokha. Kapena lowani mu banki mupemphe wogwira ntchito wa mkatimo.

Mukamaliza tengani zinthu zitatu: khadi, ndalama ndi kalisiti. Onani dzina pa khadi ngati lili lanu. Makina akalephera kutulutsa ndalama koma uthenga n'kubwera kuti zachotsedwa, sungani kalisitiko, lembani tsiku, nthawi ndi malo. Dandaulo mudzalipereka ku banki yanu.

Nanga ndalama za pafoni?

Ambiri timasunga ndalama mu M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Ku Malawi anzathu amagwiritsa ntchito Airtel Money ndi Mpamba. Izi ndi nyumba zosiyana. Musanyamuke poganiza kuti mudzatapa ndalama za mu e-Mola yanu kwa ejenti wa ku Mwanza monga mumachitira kwanu. Zimene mufuna pa ulendo zitapeni mukadali m'dziko muno.

Kumbukiraninso kuti uthenga wa banki umabwera pa nambala yanu ya kuno. Funsani kampani ya foni ngati nambalayo idzagwira kunja. Ikapanda kugwira, simudzaona ngati wina akuchotsa ndalama zanu.

Musaike zonse malo amodzi. Zogulira zinthu m'njira zikhale pafupi, zina mkati mwa zovala, khadi pena. Ndalama ya ulendo wobwerera ipatuleni tsiku loyamba, isakhudzidwe. Pa kapepala kapadera lembani nambala ya foni ya banki ndi ya mbale wanu.

Pobwerera

Masiku otsiriza, yambani kumaliza ndalama zachitsulo ndi mapepala ang'onoang'ono, chifukwa mabanki sagula ndalama zachitsulo zakunja. Kwacha yotsala ndi bwino kuisintha musanapite kutali ndi malire. Randi ndi dola mungazisinthe ku banki kwanu, pa mtengo wa Compra. Mukafika, pemphani extracto ku banki, mufanizire ndi timalisiti tanu. Pakakhala ndalama imene simukuidziwa, nenani msanga.

Yesani nokha

Tengani kope ndi pensulo. Mitengo iyi ndi yachitsanzo.

Loyamba: Venda ya randi ndi 3,70. Mukufuna R500. Mupereka mametikali angati?

Lachiwiri: metikali imodzi ndi 30 kwacha ya Malawi. Nsalu ikugulitsidwa K12,000. Pa ndalama zathu ndi zingati?

Lachitatu: kwacha imodzi ya Zambia ndi 2,50 MT. Muli ndi 1000 MT. Mulandira makwacha angati?

Mayankho ndi awa: 1850 MT, 400 MT ndi 400 kwacha. Ngati lina lakuvutani, pitani nalo ku kalasi mukaliwerengere pamodzi ndi anzanu ndi aphunzitsi.

Chizolowezi chimenechi mupite nacho pa ulendo. Musanatulutse ndalama, lembani pa kapepala zimene mukupereka ndi zimene muyenera kulandira. Mukalandira, werengani pepala ndi pepala wosinthayo akuona, musanachoke pa windo. Mzere ukhale wautali, dalaivala alize hutala, inu malizani kuwerenga. Palibe manyazi pamenepo. Ndalamazo munazivutikira ndinu, ndipo kwanu akudikira fetereza ndi makope a ana mu Januwale.